Ndinamasula Mfundo ya pa Njira ya ku Vila

Abale anga, dzina langa ndine Faifi, ndimakhala ku Bangwe konkuno, kumtunda kwa msika. Ambiri a inu nkhope yanga mukuidziwa chifukwa tamwerapo kapu imodzi. Bambo akusekawo ndi amene anandivuula m'ngalande m'mawa wina, nsapato imodzi palibe. Sekani ndithu, zinachitikadi.

Onse amene ayankhula pano masana ano anena kuti mowa ndi umene unawagwetsa. Ine sinditero. Mowa unandipeza nditagwa kale. Ndinkamwa kuti chinthu china chisatuluke pakamwa panga, ndipo chinthucho ndi chimene ndaimirira kuti ndinene.

Makolo athu anachokera ku Mozambiki kudzathyola tiyi ku Mulanje. Ine ndinabadwira tsidya lino, koma mtsinje wa Muloza ndinkauwoloka ngati ndikupita kudimba, maliro uku, ukwati uko. Sukulu sindinaponde. Ndinagwira ulonda ku Limbe zaka zambiri, mpaka anatichotsa ntchito nthawi imene matipate ankayamba, imvi zili mbuu. Ndili ndi mlongo wanga mmodzi, Esinati, wamasiye, ndipo iye ali ndi mwana wamkazi, Rute. Kwathu mlongo wako ndiye mbumba yako. Chikamugwera iye, anthu amafunsa iwe.

Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Mozambiki inali itangotha. Anthu amene anathawira kuno anabwerera kukalima, ndipo nthaka imene inagona zaka zonse zija inabereka chimanga, nyemba ndi nandolo zosowa poika. Koma misewu yopita kumizinda ya kwawo inali yokumbika, milatho yogumuka. Msika wawo wapafupi unali kuno kwathu. Iwo analibe shuga, sopo, mchere, ngakhale singano. Ife chimanga sichinkatikwana. Ndiye aliyense ku Bangwe, ku Ndirande, ku Machinjiri anasanduka wa geni. Ukaima pa msewu wa Midima m'mawa unkaona matola atadzaza amayi, atakhala pamwamba pa mabelo a shuga, fumbi lili m'nsidze, ulendo wa ku Vila, tauni ya kutsidya kwa malire.

Zowolokera zinalipo ziwiri. Ina ya pageti, pamlatho, pamene pali a kasitomu ndi mapepala awo. Ina ya kutchire, yowoloka mtsinje ndi miyendo. Ine mapepala ndinkawaopa chifukwa sindinkatha kuwerenga, ndipo mantha angawo ndinawasandutsa ntchito. Ndinkawauza amayi aja kuti pageti akakulandani zonse, mubwerera ndi chitenje chokha. Sindinaonepo ndi maso anga munthu akulandidwa, koma ndinkanena molimba, ndipo ankanditsata. Ndinakhala wotsogolera njira.

Njira ya kutchireyo inali ndi zake. Asilikali anasiya mabomba okwirira pansi, makamaka m'njira zakale zotakata, zimene mlendo aliyense angaganize kuti ndiye zabwino. Anthu a kumeneko anapeza modutsa, ena atataya mbuzi, ena atataya abale awo. Iwowo ndi amene anayambitsa mfundo. Pamene njira yakale yayamba kuopsa, ankagwira udzu wautali wa m'mbali, osauzula, n'kuumanga mfundo kumutu kwake. Mfundo ikakhala kumanja, patukira kumanja. Ikakhala kumanzere, patukira kumanzere. Popanda mfundo, pitirira. Udzu ukapsa kapena ukagwa, woyamba kudutsa ankamanga ina pachitsamba. Mfundozo zinalibe mwini wake. Lamulo linali limodzi lokha, ndipo ngakhale ana ankalidziwa: mfundo samasula.

Msuweni wanga wa tsidya lija anandiyendetsa kawiri ndipo ndinaigwira njirayo. Esinati atayamba geni ya nyemba ndinamuphunzitsa ndekha. Ndinamuuza kuti ukaona mfundo khota, usanaione usakhote, ngakhale kanjira kena kakukope bwanji. Ndinamubwerezetsa mpaka anatopa nane.

Kenako anabwera amuna a njinga a pa Limbuli, msika waukulu wa pafupi ndi malire. Iwonso anaphunzira kutsata mfundo. Ankamanga matumba awiri panjinga, dzuwa lisanafike pamutu abwerako kale, pamene ine ndi amayi anga oyenda pansi tikupumula koyamba. Amayi anayamba kundisiya mmodzimmodzi. A njingawo akandipitirira ankaliza belu n'kumati, "Madala, inu munatha ndi wanipate, kapumuleni." Ndinkaseka nawo, koma kumtima kukuwira. Ntchito ya ulonda anandichotsa, tsopano ndi iyinso?

Tsiku lina masana ndikubwerera ndekha, ndinaima pabwinja lina pamene pali mtengo wa mango. Pamenepo ndi pamene panali mfundo yofunika kuposa zonse, chifukwa njira yotakata imapitirira mowongoka bwinobwino, ndipo kanjira kabwino kamapatukira kumanja, kobisika m'udzu. Ndinaganiza kuti ndikamasula, a njinga akafika apa asokonezeka, abwerera, ndipo anthu adziwa kuti njira ili m'mutu mwa Faifi. Zaka zitatu ndinkadziuza kuti sindinaganize kuti wina angapitirire. Limenelo ndi bodza. Ganizolo linabwera, ine n'kulikankhira kumbali. Ndinamasula mfundo ija, n'kuuwongola udzuwo ndi manja kuti pasaoneke popindika. Ndinali ndisanamwe ngakhale dontho.

Esinati ndinali nditamusiya ku Bangwe akudwala malungo, ndiye ndinati ndikamuuza ndikapita kumapeto a sabata. Anachira msanga. Patapita masiku awiri anakwera matola, anandifunsa pa Limbuli, anthu n'kumuuza kuti ndili tsidya lija kopikula nandolo. Iye anati palibe kanthu, njira akuidziwa, achimwene ake anamuphunzitsa. Anafika pamango paja, sanaone mfundo, ndipo anachita ndendende zimene ndinamuuza. Anapitirira.

Kuphulikako ndinakumva ndili kutsidya kwa dambo, ndipo ndinadziwa malo ake ndisanathamange n'komwe. Anthu anali ataima patali, palibe wolimba mtima kulowa. Ndinalowa ndine, ndikuponda m'mapazi mwake. Ndinamumanga ndi malaya anga, ndinamubereka kumsana mpaka kumtsinje, kenako galimoto mpaka kuchipatala. Mwendo wamanzere anaudula pansi pa bondo.

Chilango changa chinayamba ndi kutamidwa. M'tchalitchi muno anandiimiritsa kutsogolo kuti mpingo uone munthu amene analowa pamabomba chifukwa cha mlongo wake, ndipo munaomba m'manja. Mlandu wa mfundo unagwera a njinga aja. Anthu anati ndi iwowo anamasula kuti oyenda pansi asiye kudutsa. Mkulu wawo, bambo wina dzina lake Sumaili, anamuthamangitsa pa Limbuli, njinga yake n'kuiphwanya ndi miyala. Ine ndinalipo. Ndinangoyang'ana pansi.

Kumalire sindinabwererenso. Ndinayamba ndi kapu imodzi ya kachasu kuti tulo tibwere, kenako ziwiri, kenako kapu ndinaisiya n'kumangopendeka botolo. Sindinkatha kukhala malo amodzi. Ndikakhala pansi miyendo inkagwedezeka yokha, ndiye ndinkanyamuka, kutsetsereka mpaka ku Limbe, kudutsa Kanjedza, kukafika ku Naperi, osafuna kanthu kwa munthu, n'kutembenuka. Ndinagulitsa wailesi, jekete, mipando, mpaka malata a kukhitchini. Akazi anga anapita kukakhala kwa mwana wathu ku Chilomoni, ndipo sindiwaimba mlandu. Kawiri ndinadzukira m'chitokosi chifukwa cha ndewu zimene sindizikumbukira. Zaka zitatu zinatha choncho. Anthu ankandimvera chisoni, ankati a Faifi zimene anaona kutchire kuja zinawasokoneza mutu. Ngakhale kuledzera kwanga ankakuwerengera kuti ndi mtima wabwino. Esinati ankanditumizira ufa ndi nyemba, iye wa mwendo umodzi kudyetsa ine wa miyendo iwiri. Ndikamva ndodo zake zikugogoda pamiyala, ndinkathawira kuseri kwa bafa mpaka atapita.

Loweruka lina m'mawa anandigwira. Ndinali pakhonde ndi matsire, mutu uli m'manja, ndipo ndinamuona atafika kale. Anabwera ndi Rute, amene tsopano anali mayi wa mwana mmodzi, mwamuna atamuthawa. Esinati anayedzamiritsa ndodo zake pakhoma, anasuzumira m'nyumba, n'kunena kuti, "Achimwene, nyumba yanu yapepuka. Akuba akalowa muno akusiyirani kanthu." Anavundikira ndowa n'kukhalapo.

Anandifotokozera kuti benchi yake ya pamsika sikuyenda. Nyemba zooda ku Limbe zimakhala zitadutsa kale m'manja mwa anthu atatu, ndiye iye amangogwirira ena ntchito. Anati Rute ayambe kukapikula yekha ku Vila, monga ankachitira iye kale. Kenako anandigwira pabondo.

"Ndilibe munthu wina woti ndimupatse mwana wangayu. Inu munandibereka kumsana. Mumutenge, mukamuphunzitse njira ija monga munandiphunzitsira ine."

Rute anali ataima pambali akumwetulira, matumba opanda kanthu atawapinda kukhwapa. Anali atagula masilipasi atsopano a ulendowo, obiriwira. Ndinayang'ana mapazi akewo. Onse awiri. Sindinathe kuchotsapo maso.

Ndinayamba kuzemba. Ndinati ndakalamba, mawondo sakulola. Esinati anati munthu woyenda mpaka ku Naperi tsiku lililonse asamunamize za mawondo. Ndinati njira ndinaiwala. Anaseka, n'kunena kuti ngati ndimafika kwathu nditaledzera, njira ya masana sindingaiwale. Kenako anatsitsa mawu kuti Rute asamve bwino. Anati akudziwa kuti zimene ndinaona zimandizunza, koma mowa ungandisiye ndikayambiranso ntchito, ndipo ichi n'chifukwa chake sanapemphe munthu wina. Mwamva, abale anga? Sanabwere chifukwa cha nyemba zokha. Anabwera kudzandipulumutsa, ndipo dipo lake linali mwana wake.

Ndikanatha kuvomera. Ndikanamutenga Rute, kumudutsitsa bwinobwino, n'kukhalabe munthu wabwino wa ku Bangwe mpaka imfa. Ndinatsegula pakamwa kuti nditero. Koma ndinadziona nditaima pamango paja ndi mwana wa mlongo wanga, ndikumuuza kuti popanda mfundo pitirira, ndipo lilime linakana.

Ndinati, "Achemwali, mfundo ija sanamasule a njinga. Ndinamasula ndine."

Kwa aneba wailesi inkalira. Mayi wina anadutsa pamsewu akutsatsa mpiru. Dzanja la Esinati linali likadali pabondo langa, ndipo analichotsa pang'onopang'ono, ngati akuopa kudzutsa chinthu.

"Munali mutamwa?"

"Ayi."

"Munkadziwa kuti ndikubwera?"

"Ayi, ndinkayesa mukudwalabe."

"Koma munkadziwa kuti wina abwera."

Ndinati inde.

Sanakuwe, sanalire. Anamuuza Rute kuti amupatse ndodo zake. Ndinatambasula dzanja kuti ndimudzutse pandowa paja, iye analiyang'ana dzanjalo mpaka ndinalibweza. Anadzuka yekha, movutika. Atafika pampanda anatembenuka.

"Zaka zitatu ndakhala ndikumutemberera Sumaili m'pemphero, munthu wosalakwa. Mwendo munanditengera, tchimo limenelinso mwandisenzetsa ndinu."

Anapita. Rute matumba aja anawasiya pansi pomwepo.

Sindikunamizani kuti ndinasiya mowa tsiku lomwelo. Ndinathamangira kwa mayi wa kachasu ndipo ndinamwa masiku anayi otsatizana. Koma mowa unali utasiya kugwira ntchito yake. Ndinkamwera kutsekera chinthu, ndipo chinthucho chinali chitatuluka kale. Tsiku lachisanu ndinakhala ndi kapu m'manja, osadziwa kuti ndikuimweranji. Ndinaiika pansi. Sabata yotsatirayo thupi linanjenjemera moti ndinkalephera kumanga batani la malaya. Ndinapita kuchipatala, ndinawauza zoona, anandithandiza. Inunso musachite manyazi kupitako, kunjenjemera kuja kumapha. Ndinasiya kudutsa kanjira ka kwa mayi uja, ndimazungulira kumpopi ngakhale ndi kutali. Miyendo yosakhazikika ija ndinaipatsa ntchito yoponda dothi kwa oumba njerwa, kuti pofika madzulo ikhale itatopa.

Koma kusiya mowa sikunali kubweza kanthu kwa munthu aliyense. Ndinayamba kumufunafuna Sumaili. Ndinamupeza ku Ndirande, pansi pa mtengo, akumata machubu a njinga za anthu ena. Ndinagwada pafumbi pomwepo n'kumuuza zonse. Iye sanasiye ntchito yake. Anamiza chubu m'beseni, akuyang'ana potuluka thovu, n'kunena kuti, "Madala, ine ndinkadziwa kale kuti si ine. Mukuuza munthu wolakwika. Kanenereni kumene anandigendera."

Ndinapita. Tsiku la msika pa Limbuli ndinaima pakati pa a njinga n'kunena. Mmodzi anandiomba khofi mpaka chipewa chinagwa, ndipo palibe analeretsa. Ena anangotembenuka n'kumapitiriza kumanga matumba awo. Sumaili sanabwerereko, anati anazolowera ku Ndirande, koma mkazi wake akapita kwawo tsopano anthu amamupatsa moni.

Tsidya lija ndinamva kuti kwabwera anthu ochotsa mabomba, a zovala zolemera ndi timitengo tofiira. Ndinawafunafuna, ndinawalondolera mpaka pamango paja, ndinawalozera njira yotakata ija ndi zina ziwiri zimene ndinkazidziwa. Anali ndi mapu awo, koma zimene ndinanena anazilemba.

Kenako sukulu. Ndinaona kuti zonsezi zinayamba ndi mantha a pepala, ndiye ndinalowa sukulu ya kwacha, ine ndekha mwamuna pakati pa amayi. Ankandiseka kuti ndikugwira pensulo ngati khasu, ndipo aphunzitsi anandiuza kuti ndisaboole kope, mulibe mbewa. Zilembo zinkalowa mochedwa, koma zinalowa. Tsiku limene ndinapita pageti ndi chiphaso changa, ndinalemba dzina ndekha, thukuta lili kamukamu. Wa pawindo anangoti, "Madala, mzere ukudikira," n'kudinda. Basi. Ndinaima pakati pa mlatho ngati chitsiru, njinga zikundilambalala, malole a chimanga akubwera kuno, a shuga ndi malata akupita uko. Wokhala ndi katundu wofuna msonkho ankalipira n'kumapita. Kuwoloka pamenepo ndi kanthawi kosuta ndudu imodzi. Njira yanga ija inkadya theka la tsiku, ndipo inadya mwendo wa mlongo wanga. Tsopano akukonzanso msewu, ndipo amayi ambiri a kuno amadutsa pageti. Ndikakumana ndi amene akukayikabe, ndimawalembera fomu n'kuwauza kuti zolandidwa zija linali bodza langa.

Rute geni anayamba, amadutsa pamlatho, anaphunzira kwa amayi anzake. Akazi anga sanabwerere, koma amabwera kudzandiona pakutha pa mwezi. Mowa sindinaulawe kwa chaka ndi theka tsopano, ngakhale pali masiku amene fungo lake limanditsata ngati galu.

Inu amene mukulimbana ndi botolo, ine si m'busa, ndilibe mawu ambiri. Ndikungoti dzifunseni chimene mukumwera. Ena mulibe chobisa, ndi chizolowezi chabe, thokozani Mulungu. Koma ndikudziwa kuti pali mmodzi kapena awiri muno amene pansi pa mowawo pali dzina la munthu. Ukhoza kusiya kakhumi, ubwerera kakhumi, mpaka utapita kwa mwini dzinalo. Ndipo musapite poyembekeza kuti akukumbatirani. Mwina sakupatsani ngakhale mpando.

Esinati sanandiyankhulepo chichokereni tsiku lija. Ndinkamusiyira nkhuni pakhomo, nkhunizo zinkakhala pomwepo mpaka aneba atatola. Tikakumana pamsika amayang'ana nyemba zake. Sabata yatha Rute anabwera kwathu. Sanalowe, sanakhale pansi. Anaima pampanda n'kunena kuti, "Amalume, amayi akuti amva kuti mwanena ku Ndirande, mwanenanso ku Limbuli. Koma kuno kumene anakuomberani m'manja simunanene. Akuti mukanene, iwo abwera kudzamva ngati musiye kanthu."

Ndiye ali muno. Ali pabenchi yomaliza apo, pafupi ndi chitseko. Musatembenuke nonse, si chionetsero. Sanandilonjeze kanthu, ndipo ine sindikupempha kanthu.

Achemwali, ndanena monga ndikukumbukira. Ngati pali chimene ndasiya, kapena pamene ndadzikometsera, nenani, anthuwa amve. Ine ndikhala chiimire.